Tsiku Limene Ndinatsala ndi Kavalo Wotsimphina

Mwana wanga wamkazi anayamba kukonda akavalo ali ku pulayimale, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene anazitengera. Kwathu ku Ntcheu tinkadziwa abulu okoka ngolo basi. Kavalo ndinamuonapo kamodzi ndili mtsikana, sukulu itatitengera ku phiri la Zomba. Anatulukira pakona atanyamula mzungu, ife tonse n'kubalalikira m'tchire tikukuwa.

Koma mwana wanga anakulira kuno ku Glasgow. Tsiku lina aphunzitsi ake anawatengera ku khola la akavalo kunja kwa mzinda, ndipo anabwerako akununkha ndowe, maso ali gwa, osafunanso kumva nkhani ina. Atakulako anayamba kupita yekha Loweruka lililonse. Ankadzuka kudakali mdima, n'kukwera basi pa Maryhill, kukawola ndowe ndi kupesa akavalo a eni ake kuti madzulo amulole kukwerako pang'ono. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala ndili ku ntchito, ku chipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan kumene ndine namwino, kapena ndili mtulo nditaweruka. M'nyumba tinalimo awiri. Bambo ake anasamukira ku England mwanayo ali wamng'ono, ndipo sanabwererenso. Choncho za akavalozo ndinkangozidziwira pa jombo zamatope zimene ndinkazipeza pakhomo ndi ubweya umene unkatsalira m'makina ochapira.

Chaka chimene anamaliza sekondale, m'nyengo yotentha, anandipeza kukhitchini ndikusenda mbatata. Iye amandilankhula m'Chingelezi cha kuno, ine n'kumamuyankha m'Chichewa. Takhala tikutero kuyambira kale.

"Mami, a kukhola akonza ulendo. Tikagona m'matenti ndi akavalo kufupi ndi nyanja ya Loch Lomond, m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa ija. Mupite nafe."

"Ine? Ndikatani ine kumeneko?"

"Mukakwera kavalo. Ndikufuna mupite, Mami."

Mwana ameneyu anali atasiya kalekale kundipempha kuti ndimuperekeze kulikonse. Ngakhale m'tauni ankayenda patsogolo panga ngati sitikudziwana. Ndiye atanena kuti akufuna ndipite, mtima wanga unadumpha ngati wa mtsikana. Ndinasinthana masiku a ntchito ndi mnzanga. Lamulungu ndinauza amayi a kumpingo, ndipo mmodzi anaseka mpaka kugwira khoma.

"Inu amayi, pa kavalo? Ndi msinkhu umenewu? Mukatijambulire, tidzaone."

Ndinaseka nawo. Mumtima ndinali nditayamba kale kuwerengera nkhani zimene ndidzacheze ndi mwana wanga. Ndinkaona tili awiri mu tenti imodzi, mvula ikugwa panja, iye akundiuza zakukhosi ngati kale ali wamng'ono. Ndinkadziwa kuti nyengo yozizira ikamayamba ayamba koleji konkuno mumzinda, azigonabe pakhomo, koma ndinkadziwanso kuti mwana wa koleji sakhalanso wako.

Ndinapita kukholako kamodzi kuti andiphunzitse. Mwini khola anali mayi wamfupi wa imvi, wa mawu aakulu ngati a mwamuna. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kunditulutsira kavalo wamwamuna wokalamba, wofiirira, wa banga loyera pamphumi.

"Uyu sathamanga ngakhale kumwamba kutagwa," anatero. "Inu mungokhala phee, ntchito aigwira yekha."

Tsiku la ulendo ndinakazinga mandasi odzaza chidebe. Tinanyamuka m'mawa, akavalo ali m'ngolo zokokedwa ndi magalimoto, ife m'kabasi. Tinalipo gulu ndithu: atsikana a kukhola anzake a mwana wanga, mabanja angapo, ndi mwini khola uja. Munthu wakuda wamkulu ndinali ndekha, koma zimenezo ndinazizolowera. Nyumba zitatha tinayamba kuona nkhosa ndi mapiri, ndipo masana asanakwane tinafika pa munda wa mlimi wina, pamene panali msasa wathu. Unali dambo la udzu wofewa, kamtsinje kumunsi, kumtunda mitengo ya paini yothithikana ngati ya ku Dedza. Atsikana anazunguliza lamba woyera wa magetsi pa timitengo, ndipo limenelo linakhala khola.

Mwana wanga anandikhomera tenti mwachangu, zikhomo akuzimenya ngati wobadwira m'ntchitoyo. Nditaponyamo chikwama changa ndinafunsa kuti chake chili kuti.

"Ine ndigona ndi anzanga mu yayikulu ija, Mami. Timadzuka msanga kukadyetsa akavalo, tingakusokonezeni. Iyi ndi yanu nokha. Ndakusankhirani malo abwino, opanda miyala."

"Chabwino," ndinatero. Analidi malo abwino, kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mpanda.

Masana omwewo tinakwera. Anandiveka chipewa cholimba, n'kundikankhira pa chishalo, ndipo pansi panaoneka patali kwambiri. Tinalowa m'nkhalango mondondozana. Mwana wanga anali kutsogolo, pambuyo pa mwini khola, chifukwa ndiye ankatsegula zipata ndi kuona njira. Ine ndinali kumapeto. Kavalo wanga ankayenda mwaulesi, akuzula udzu m'mbali, ndipo mpata pakati pa ife ndi anzathu unkangokulirakulira. Chimene ndinkaona cha mwana wanga chinali msana wake, nthawi zina chipewa chokha pakati pa mitengo. Kamodzi anabwerera chothamanga, nadzaima pambali panga.

"Zidendene pansi, Mami. Zingwe musakoke kwambiri, mukumupweteka kukamwa."

Ndisanayankhe, wina anamuitana kutsogolo, iye n'kutembenuza kavalo wake ndi mawondo okha, ulendo. Ndinamuyang'ana akupita. Kunyumba anali mwana wosalankhulalankhula, wodzitsekera kuchipinda, woiwala mbale pasinki. Kuno anthu akuluakulu ankamufunsa nzeru, iye n'kumawayankha molimba mtima. Ndinanyada, koma kunyada kwake kunali ngati kwa munthu woonerera mwana wa eni ake.

Madzulo tinadya masoseji ndi nyemba za m'chitini titakhala pa mabelo a udzu. Dzuwa la kuno m'nyengo imeneyo silifulumira kulowa, choncho kunali kowala ngati masana. Ndinatulutsa mandasi anga, ndipo anatha nthawi yomweyo. Bambo wina anandifunsa kumene ndinachokera. Nditamuuza anasangalala, nati mpingo wa mayi ake unkatumiza mabuku ku Malawi. Ndinathokoza. Tinamwetulirana, nkhani n'kuthera pomwepo. Kenako anayamba zawo, za akavalo amene anafa kale, za amene anagwa m'matope chaka chatha. Chingelezi cha m'chipatala ndimachimva bwino, ngakhale cha agogo opanda mano, koma nthabwala za anthu odziwana zimathamanga. Pamene ndinkati ndamva, iwo anali ataseka kale. Mwana wanga ankaseka nawo mpaka kugwetsa mutu paphewa la mnzake. Tiudzudzu ta kuno, tating'onoting'ono tobwera ngati utsi, tinayamba kundiluma m'makutu ndi m'zikope, ndipo ndinapeza chifukwa chotsanzikira. Ndinakalowa mu tenti yanga kukadali kowala, ntchafu zikuwawa, n'kumamvetsera kuseka kwawo.

M'mawa ndinapeza mwini khola atawerama, mwendo wakutsogolo wa kavalo wanga ali nawo pakati pa mawondo. Mwana wanga anali ataima pambali.

"Wataya nsapato," anandiuza mwanayo. Akavalo amawakhomera chitsulo chopindika kunsi kwa ziboda, ndipo wanga chake chinali chitazuka penapake m'nkhalango dzulo lake. Chiboda chinali chitabenthuka m'mphepete, ndipo ankaponda motsimphina.

Mwini khola anakwera pachulu pamene foni inkagwira, nabwerako n'kunena kuti mmisiri wa nsapatozo abwera, koma nthawi yake sakudziwa. Kavaloyo sakanatha kuyenda pamiyala. Sakanathanso kutsala yekha, chifukwa kavalo akasiyidwa ndi anzake amatha kudumpha mpanda n'kudzivulaza. Pankafunika munthu.

Limenelo linali tsiku lalikulu la ulendo wonse. Ankakwera phiri mpaka pamwamba, pamene amati nyanja yonse imaoneka ndi zilumba zake. Mwana wanga anali akulinena kuyambira kunyumba.

"Nditsala ine," anatero. "Mami akwere wanga, ndi wofatsa." Koma polankhulapo maso ake anali kuphiri.

"Ayi, pita," ndinatero. "Miyendo yanga ikuwawa. Ndipumuleko."

"Zoona, Mami?"

"Pita, mwanangu."

Anandipsompsona patsaya n'kuthamangira kukamanga chishalo. Ndinkayembekeza kuti afunsanso kachiwiri, kapena anena kuti titsale tonse. Akanatero ndikanamukakamizabe kuti apite, koma ndinkafuna kumva. Sanafunsenso. Anandisonyeza pamene panali burashi ndi ndowa, nandiuza kuti ndisaime kumbuyo kwa kavalo, kenako onse anakwera. Ndinaima pachipata mpaka womaliza atalowa m'mitengo.

Sindinkadziwa kuti kavalo amalira. Anzake atangobisika, nkhalamba ija inadzutsa mutu n'kutulutsa mawu aatali onjenjemera amene anamveka mpaka kuphiri. Kutali wina anayankha. Analiranso, wina n'kuyankhanso, koma motsika. Kachitatu sikunamveke kanthu. Anayamba kuyenda m'mphepete mwa lamba uja, kupita ndi kubwerera, akutsimphina, makutu ali tcheru. Ndinachita mantha kuti adumpha. Ndinalowa m'kholamo ndikumulankhula ngati mmene ndimalankhulira ndi wodwala amene wadzuka osadziwa kumene ali.

"Basi, bambo, basi. Abwera. Khalani pansi mtima."

Ndinadabwa kumva mawu anga. Chichokereni kunyumba ndinali ndisanalankhule Chichewa choposa mawu awiri atatu. Kavaloyo anaima, nandinunkhiza m'khosi, mpweya wake uli fuu, wofunda. Ndinatenga burashi n'kuyamba kumupesa kuyambira m'khosi kutsika, ngati mmene ndinaonera atsikana aja. Fumbi linkatuluka, khungu lake likunjenjemera pamene ndadutsa. Ndinapesa mbali imodzi, ndinapesa inayo, kenako ndinayambiranso chifukwa panalibe china chochita.

Msasa wopanda anthu umakhala zii. Matenti ankangopepeka ndi mphepo. Pa chingwe panali masokosi a munthu wina. Foni yanga sinkagwira, ndipo ngakhale ikanagwira, sindikudziwa amene ndikanamuimbira. Amayi a kumpingo ndimawakonda, koma timakumana pa mapemphero, pa maliro ndi pa zinkhoswe. Panalibe amene ndikanamuuza kuti ndili m'munda wa eni ndi kavalo wolumala ndipo ndikufuna kulira popanda chifukwa chenicheni. Kunagwa kamvula kowaza. Ndinakabisala m'ngolo ya akavalo, n'kukhala pakhomo pake ndi tiyi wa m'fulasiki. Kavalo anabwera kudzaima pafupi mmene lamba ankamulolera, atalozetsa msana kumphepo, madzi akutsika m'nsidze zake. Tinakhala choncho nthawi yaitali, aliyense akuyang'ana kwake.

Mmisiri anafika dzuwa litapendeka, pa galimoto yakale yodzaza zitsulo. Anali bambo wamtali wa manja akuluakulu, wosachulutsa mawu. Anavala chikopa m'chiuno, nandipatsa chingwe kuti ndigwire kumutu. Anasema chiboda ndi mpeni wopindika, nawotcha chitsulo m'kang'anjo ka kumbuyo kwa galimoto mpaka chinafiira, n'kuchikanikiza pachiboda. Utsi unatuluka wonunkha ngati pamene akuwawula nkhumba. Ndinadzidzimuka, koma kavaloyo sanasunthe n'komwe.

"Sakumva kuwawa?" ndinafunsa.

"Ayi. Zili ngati chikhadabo." Anali ndi misomali pakamwa. Atakhoma iwiri anandiyang'ana chammbali. "Ndinu mayi wa mtsikana uja wa kukhola?"

"Eya, ndine."

"Ali ndi manja abwino. Akavalo amamumvera." Anakhomanso. "Kumpoto kuja akamukonda. Mwini famuyo ndimamudziwa, ndi wovuta koma wachilungamo. Kungoti n'kutali, ndipo kumazizira koopsa. Anyamuka masamba akamayoyoka, eti?"

Chingwe chinali m'manja mwanga, ndipo ndinachigwiritsa. Za famu ya kumpoto ndinali ndisanamvepo. Ine ndinkadziwa za koleji ya mumzinda, ya basi imodzi kuchokera pakhomo.

"Eya," ndinatero. "Nthawi imeneyo."

Sanaone kanthu pankhope panga, kapena anaona n'kukhala chete. Anamaliza kukhoma, napala m'mphepete, nandiuza kuti ndimuyendetse aone. Kavaloyo anaponda bwino. Bamboyo analongedza zitsulo zake, nakweza dzanja, galimoto n'kumapita ikugwedezeka m'mabampu. Ndinatsalanso ndi kavalo uja. Ndinangotsamira paphewa pake, ndipo iye anapitiriza kudya udzu.

Anabwerako madzulo, akavalo ali thukuta, anthu nkhope zili psuu ndi mphepo. Kavalo wanga anawamva ine ndisanawaone, nayamba kulira mokondwa. Mwana wanga anatsika n'kuthamangira kwa ine foni ili m'manja.

"Mami, mukanaona! Taonani, zilumba zonse izi. Tinaonanso agwape."

Ndinayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Kenako ndinati, "Tiye ukandithandize kumwetsa kavaloyu kumtsinje."

Tinatsetsereka awiri, kavalo ali pakati. Atayamba kumwa ndinafunsa.

"Unkafuna kundiuza liti za kumpoto?"

Anayang'ana madzi, kenako nsapato yatsopano ija, ndipo ndinaona kuti wazindikira kumene ndamvera.

"Pa ulendo uno," anatero motsitsa. "N'chifukwa chake ndinakuitanani. Ndimafuna muone kaye."

"Ndione chiyani?"

"Kuti ndimatha, Mami. Kuti si masewera."

"Nanga koleji?"

"Ndinawalembera kuti sindibwera chaka chino. Mwina chaka chamawa. Mwina ayi." Kenako anati, "Ndimati ndikuuzani dzulo, koma ndinachita mantha. Ndimati lero pamwamba paphiri. Kenako munatsala."

Mawu anali atadzaza m'kamwa mwanga. Ndinkafuna kumufunsa ngati ndinawoloka nyanja ndi kugwira ntchito zausiku zaka zonsezi kuti mwana wanga akawole ndowe. Ndinkafuna kumufunsa chimene ndikauze abale kumudzi, amene ankamutchula kale kuti adokotala. Koma pansi pa mawu onsewo panali funso lina laling'ono limene ndinkachita nalo manyazi: nanga ine nditsala ndi ndani? Ndinamuyang'ana. Dzanja lake linali pakhosi pa kavalo, likusisita lokha iye osadziwa.

"Musakwiye, Mami," anatero m'Chichewa, mawu ake akupindika ngati a mzungu wa ku mishoni. Zaka zinali zitapita ndisanamumve akuyesa.

"Kumazizira bwanji kumeneko?"

"Kwambiri."

"Ukagona kuti?"

"Pali kanyumba ka antchito. Tikakhalamo atsikana awiri."

"Tchalitchi chiliko?"

Anaseka misozi ili m'maso. "Chiliko, Mami. Cha nkhalamba zokhazokha."

Sindinanene kuti ndavomera, ndipo iye sanandifunse. Tinabwerera kumsasa kavalo atakhuta madzi. Madzulo amenewo anadzakhala pambali panga pa belo la udzu, mbale ili pamiyendo. Anzake atamuitana anandiyang'ana kaye, ine n'kugwedeza mutu kuti apite.

Tsiku lomaliza tinayenda njira yakumunsi, yodutsa m'tchire la maluwa ofiirira. Mwana wanga anapempha mnzake kuti atsogolere, iye n'kubwera kumapeto. Pamene njira inatakasuka tinayenda mogundana mawondo. Anandiphunzitsa kunyamuka ndi kukhala pa chishalo kavalo akamathamanga pang'ono, ndipo nkhalamba ija, imene amati sithamanga, inathamanga ndithu. Ndinakuwa, ndinagwira chishalo ndi manja onse, iye akuseka. Pokhota tinaona chidutswa cha nyanja pakati pa mapiri awiri, chotuwa ngati lata. Tinaima pamenepo pang'ono. Kenako kutsogolo kunapezeka chipata chovuta kutsegula, ndipo anamuitana.

Ananyamuka masamba atayamba kuyoyoka, monga ananenera mmisiri uja. Ndinamugulira jekete lokhuthala ndi masokosi aubweya, ndipo ndinamuperekeza kudepoti ya mabasi m'tauni. Amayi a kumpingo atafunsa ndinawauza zoona. Ena anati ndi zachibwana, atopa abwerera. Wina anati tizimupempherera. Mpaka pano sanabwerere, kupatula pa Khirisimasi, ndipo ngakhale pamenepo amakhala masiku ochepa chifukwa akavalo sadziwa tchuthi.

M'nyumba muno tsopano mumakhala bata. Ndikaweruka ndimaphika chakudya cha munthu mmodzi, n'kudyera pawindo ndikuyang'ana anthu oyendetsa agalu m'mphepete mwa ngalande. Amandiimbira Lamulungu masana, ndikabwera kutchalitchi. Nthawi zambiri m'foni mumamveka mphepo kuposa mawu ake.

Lamulungu lina, nyengo yozizira itangotha, anaimba ali m'khola. Anali atangoyamba kundiuza za chipale chofewa chimene chinali chisanasungunuke m'mapiri, pamene wina anakuwa chapatali.

"Mami, dikirani, kavalo wayamba kubereka. Musadule."

Ndinamva foni ikuikidwa penapake, mwina pa udzu. Kenako mapazi othamanga, chitseko chachitsulo, kupuma kwamphamvu kwa nyama. Ndinamva mawu a mwamuna wachikulire akulamula, ndi mawu a mwana wanga, odekha, akunyengerera kavaloyo. Ndinakhala pampando ndili ndi zovala za kutchalitchi, nsapato ndisanavule, foni ili kukhutu. Ndinadziwa kuti wandiiwala. Tiyi anazizira patebulo. Panja kunayamba kugwa mvula, basi inadutsa, ana a nyumba yapansi anakwera masitepe akukangana. Ine ndinkangomvetsera. Patapita nthawi yaitali kunamveka kuseka, ndipo mwamuna uja ananena mawu amene sindinawamve bwino. Mwana wanga anati, "Taonani, kamwanako kakufuna kuimirira." Sankauza ine, koma ndinayankha ndithu kuti eya. Posakhalitsa foni inaduka yokha, ndipo ndinadzuka kukavula nsapato.